Malo a Upile

Lorna Kachingwe anabadwira ku Dedza, m'nyumba ya aphunzitsi a pulayimale. Anali wachinayi mwa ana asanu ndi mmodzi, ndipo pa ana onsewo iye yekha ndiye analibe mutu wa masamu. Chimene Mulungu anamupatsa ndi miyendo. Akamutuma kuchigayo ankapita chothamanga, n'kubwerako ufa ukadali wofunda. Kusekondale anathamangira sukulu yake zaka zinayi n'kuibweretsera zikho ziwiri. Koma pakhomo pawo chikho sichinali kanthu. Bambo ake akamaonetsa ana kwa alendo ankati uyu akufuna unamwino, uyu akufuna zamalamulo, akafika pa Lorna n'kungoti, "Uyu ndiye amathamanga," alendo n'kuseka. Lorna nayenso ankaseka nawo, koma mumtima zinkamuwawa.

Atamaliza Fomu 4, azakhali ake a Rosina anamuitanitsa ku Nairobi. A Rosina anali mlongo wa bambo ake, mayi wamasiye amene anagwira ntchito ya ulembi zaka zambiri kubungwe lina la mayiko. Ankakhala ku Buruburu, m'nyumba ya zipinda ziwiri yokhala ndi mtengo wa mapeyala pakhomo, ndipo anamupezera Lorna malo pakoleji ina yophunzitsa aphunzitsi a masewero. Chaka choyamba chinali chowawa. Chiswahili ankangochimva ngati mvula padenga la malata, makondakitala a maminibasi a kumeneko otchedwa matatu ankamukalipira akachedwa kutsika, ndipo mnzake analibe.

Tsiku lina ali mu matatu yopita mtauni, anamva mtsikana wa mpango wakuda kumutu akukangana ndi foni yake m'Chichewa. "Iwe foni iwe, ukuzimiranji pano?"

Lorna anaphulika kuseka. Mtsikanayo anatembenuka.

"Ndinu a kwathu?"

"Eya, ku Dedza."

"Ndiye bwerani mukhale pano, tisamafuule ngati tili pamsika."

Anali Upile Jafali wa ku Liwonde, Msilamu, amene ankaphunzira zopanga nsalu pakoleji ina. Pakati pa miyendo yake panali chikwama chachitali chowonda. Lorna anafunsa ngati munali gitala.

"Lupanga," anayankha Upile, nkhope ili gwa. Kenako anaseka. "Mukapanda kukhulupirira, tiyeni Loweruka mukaone."

Loweruka lomwelo Upile anamutengera ku Industrial Area, kuseri kwa fakitale ya zitini, m'godauni yakale yosungiramo katundu imene bambo wina dzina lake Wafula anaisandutsa malo ochitira masewero. A Wafula anali msilikali wopuma, wotsimphina mwendo wamanzere, ndipo aliyense ankangowaitana kuti Mwalimu, kutanthauza mphunzitsi. Masewero amene ankaphunzitsa ndi aja amati pentathiloni, pamene munthu mmodzi amapikisana pa zinthu zisanu: malupanga, kusambira, kudutsa zopinga, kuwombera ndi mfuti ya kuwala, ndi kuthamanga. Kale, anatero a Wafula, pamalo pa zopingapo ankakwera kavalo, ndipo amphawi ankangoonerera. Tsopano kavalo anamuchotsa, ndiye aliyense wokhala ndi manja ndi miyendo akhoza kuyesa.

Anamuuza Lorna kuti azungulire godauniyo kasanu. Atamaliza, a Wafula anayang'ana wotchi yawo kawiri.

"Miyendo uli nayo," anatero. "Nanga madzi?"

Madzi ndiye Lorna ankangowadziwa a mundowa. Ku Dedza ndi kozizira, palibe amene amalowa mumtsinje mwa masewera. Upile yekha anakulira m'mbali mwa Shire, ndipo ankasambira ngati anabadwira m'madzi momwemo. Iyeyo ndiye anaphunzitsa Lorna kuyandama, atamugwira pamimba m'dziwe la sukulu ina ya ku Eastlands, Lorna akumwa madzi ngati ng'ombe. Posakhalitsa "inu" anatha pakati pawo, kunatsala "iwe". Ankadya limodzi chapati ndi nyemba pakakiosiki ka pageti la fakitale, ankabwerekana nsapato, ndipo pa Idi Upile anabweretsa mpunga wa pilawu kwa a Rosina, naye Lorna pa Khirisimasi anamusungira nkhuku yozinga Msilamu.

Panali tsiku lina akuvala atatuluka m'dziwe pamene Upile anamuuza Lorna kanthu. Upile ankasambira atavala chovala chofika m'mapazi ndi m'mikono, ndi kachipewa kumutu. Achimwene ake aakulu, amene anamulera bambo awo atamwalira, sankadziwa kuti amachita masewerowa.

"Akadziwa adzatani?" anafunsa Lorna.

"Adzalongolola tsiku limodzi, mawa lake adzayamba kudzitama kwa anzawo. Ndimawadziwa. Koma ndikufuna ndidzawauze ndili ndi mendulo m'manja. Usauze munthu."

Lorna analonjeza.

Patapita zaka ziwiri kunamveka kuti masewero a mayiko a chigawo chino cha Afirika achitikira ku Nairobi, ndipo pentathiloni ya akazi ikhalapo. Malawi anapatsidwa malo amodzi. Kumudzi kunalibe mkazi wodziwa masewerowa, choncho mtsogoleri wa gulu la Malawi, a Limbani Nyirongo, atafika ku Nairobi kudzakonza za malo ogona osewera, anapita kugodauni kukaona atsikana awiri amene anamva kuti alipo. A Wafula sanazungulire. Anati Lorna amathamanga kuposa Upile, koma pa zinayi zotsalazo Upile ali kutali. "Tengani Upile," anatero, Lorna ali pomwepo. Upile anabisa nkhope m'manja, ndipo Lorna anamukumbatira. Pa nthawi imeneyo anamukumbatira ndi mtima wonse.

Zinasintha Lamulungu. A Limbani anaphunzira limodzi ndi malemu amuna awo a Rosina, ndiye anaitanidwa kudzadya nkhomaliro ku Buruburu. Pocheza, a Rosina ankanena za kumudzi, za ana a mlongo wawo, wina wamaliza unamwino, wina wayamba ntchito kukhoti. Lorna anali kukhitchini akumva zonse. Atabwera ndi beseni ndi jagi kudzawasambitsa m'manja alendo, a Rosina anali atatuluka kukathyola ndimu.

"Mnzako uja ndiye ndi katswiri, eti?" anatero a Limbani, manja ali pabeseni.

"Ndi katswiri, bwana."

"Palibe chovuta chilichonse? Paja ine ndikalemba dzina sindingalisinthenso. Akapanda kubwera tsikulo, manyazi ndi a dziko lonse."

Lorna anathira madzi. Mpaka lero amati sanakonzekere mawuwo, anangomva akutuluka.

"Chovuta ndi achimwene ake basi. Anamuletsa. Paja anzathuwa chipembedzo chawo... zosambira pagulu, pamaso pa amuna. Akamva akhoza kumuimitsa tsiku lomwelo."

A Limbani anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva zimene ankaziyembekezera kale.

"Koma musamufunse, bwana," anawonjezera Lorna. "Amachita nazo manyazi."

Lachitatu a Limbani anatumiza uthenga kwa a Wafula kuti dzina limene lalembedwa ndi la Lorna Kachingwe, ati chifukwa mapepala ake ndi amene anali okonzeka. A Wafula anatukwana m'chinenero chakwawo, n'kumenya khoma ndi chikhatho. Upile anakhala pansi pabenchi, misozi ikutsika osapukuta. Lorna anaima pambali. Ankayembekezera kuti Upile amuyang'ana ndi diso lokayika, ndipo mwina zikanatero akanaulula pomwepo. Koma Upile anapukuta nkhope ndi nsonga ya mpango wake, n'kudzuka.

"Bola ndiwe," anatero. "Akanatenga wina ndikanafa. Tili ndi masabata asanu ndi limodzi. Kuyambira mawa tikhala m'dziwe kusanache, ukumva?"

Masabata amenewo Lorna safuna kuwakumbuka. M'mawa uliwonse Upile ankakwera matatu ziwiri kuti akamupeze padziwe, kunja kukuzizira, n'kumayenda m'mphepete akuwerenga mikono ya Lorna. Anamubwereka lupanga lake labwino lija, ndi gulovu yake imene inali itazolowera dzanja lake. Anamuphunzitsa kupuma asanawombere. Lorna akachita bwino, Upile ankadumpha ngati mwana. Chilichonse chabwino chimene Upile ankachita chinkamulemera Lorna ngati mwala pachifuwa. Chakudya chinasiya kulowa. A Rosina ankati ndi mantha a mpikisano, n'kumamuphikira phala la mtedza.

Kawiri konse anatsegula pakamwa kuti anene. Ulendo woyamba anali pakiosiki paja, koma anangoti, "Upile," ndipo Upile atati, "Bwanji?" iye anapempha mchere. Ulendo wachiwiri anali atatsimikiza ndithu kuti akaimbira a Limbani, koma madzulo ake foni inalira. Anali bambo ake. A Rosina anali atalengeza nkhaniyo pagulupu ya Amalawi a ku Nairobi, ndipo inali itafika kale ku Dedza.

"Mwanawe, ndamva ukuimira dziko," anatero bambo ake. Mawu awo anali achilendo, ofewa. "Ndawauza abusa, alengeza m'tchalitchi. Amayi ako akungolira. Ife sitinkadziwa kuti kuthamanga kwakoku kufika pamenepa."

Lorna anati, "Zikomo, bambo." Ndipo foni ija ya kwa a Limbani sanaimbenso.

Tsiku la mpikisano linafika, Loweruka la dzuwa lowala. Akazi opikisana analipo khumi ndi awiri. Amalawi anabwera ochuluka kuposa mmene Lorna ankaganizira: amayi a kutchalitchi kwa a Rosina atavala zitenje zofanana, abambo a m'maofesi ndi ana awo, ophunzira a m'makoleji atanyamula mbendera yaikulu. Upile anamunyamulira chikwama, thaulo ndi botolo la madzi, ndipo a Wafula anamupezera kakhadi kolowera pafupi ndi osewera.

Anayamba ndi malupanga. Pamenepa aliyense amakumana ndi aliyense, ndipo amene wayamba kukhudza mnzake ndi nsonga ya lupanga, nyali yake imayaka, wapambana. Lorna anavala chigoba kumaso, n'kuthokoza kuti nkhope yake yabisika. Anapambana kanayi, n'kugonja kasanu ndi kawiri. Sizinali zoipa kwenikweni. Amalawi ankaimba nthawi iliyonse nyali yake ikayaka.

Pa zopinga zinayamba kuvuta. Panali mphete zolendewera zimene munthu amadutsa ndi manja okha, ndipo Lorna anapulumuka pa mphete yachitatu n'kugwa chagada. Anabwerera, n'kugwanso pomwepo. Pakhoma lomaliza anakwera ndi mawondo, chigongono chikutuluka magazi.

Kenako dziwe. Anayenera kusambira mamita mazana awiri. Wezulo italira anadumpha bwino, ndipo ulendo woyamba anali pafupi ndi anzake. Potembenuka kachiwiri anameza madzi, n'kutsamwa, zonse zimene Upile anamuphunzitsa n'kubalalika. Anayamba kumenya madzi ngati nkhuku yogwera m'chitsime. Atakweza mutu anaona kuti m'dziwe monse watsala yekha. Anzake anali atatuluka, atafunda mathaulo, ena akumuyang'ana. Ndiye anthu onse, Akenya, Aganda, onse, anayamba kumuombera m'manja pang'onopang'ono, kuomba kwa chisoni kuja kumene amaombera mwana wolephera ndakatulo. Pakati pa phokosolo ankamva mawu amodzi okha m'Chichewa.

"Tambasula mkono! Usathamange, Lorna, tambasula! Ndili pano!"

Anafika pakhoma, koma mphamvu yotulukira analibe. Upile anagwada n'kumukoka, mikono ya diresi yake n'kunyowa mpaka m'mapewa.

"Watha, watha," ankatero akumufunditsa thaulo. "Tsopano kwatsala kwako. Miyendo ija."

Gawo lomaliza limaphatikiza kuthamanga ndi kuwombera. Amene ali patsogolo pa mapointi ndiye amayamba kunyamuka, enawo n'kumatsatira malinga ndi mmene atsalira. Lorna ananyamuka womaliza, woyamba uja atapita kalekale. Ukafika powomberera umayenera kumenya chandamale kasanu, nyali zisanu zisanduke zobiriwira, ndipo ukalephera umaima pomwepo mpaka masekondi makumi asanu athe. Ulendo woyamba Lorna anawombera mopupuluma. Nyali ziwiri zokha zinasintha. Anaima mpaka nthawi inatha.

"Tulutsa mpweya kaye!" anafuula Upile kuseri kwa chingwe. "Usayang'ane nyali, yang'ana mfuti!"

Ulendo wachiwiri anamenya zonse zisanu. Ndiye anathamanga monga sanathamangirepo chibadwire, ngati pali chinthu chikumuthamangitsa. Anadutsa mtsikana wina wa ku Burundi, kenako wina wa ku Tanzania. Anamaliza wa nambala teni mwa khumi ndi awiri, n'kugwa pa udzu.

Amalawi anamuzungulira ngati wapambana. Amayi aja anamukulunga ndi mbendera, ana ankafuna kujambulitsa naye. A Rosina ankapukuta misozi. Lorna anakhala pabenchi akupuma movutikira, ndipo kwa kanthawi anaganiza kuti zatha, kuti chinthucho achikwirira, adzangokhala nacho yekha mpaka kumanda.

Apo ndi pamene a Limbani anabwera, atavala jekete ya mitundu ya mbendera. Anamugwira chanza Lorna, kenako anatembenukira kwa Upile, amene anaima pomwepo ndi thaulo ndi botolo.

"Mayi, ndakuonani tsiku lonse. Mtima wanu ndi wosowa. Pepani kwambiri kuti achimwene anu anakuletsani. Mwina ulendo wina ndidzalankhule nawo ndekha."

Upile anakwinya pamphumi. "Achimwene anga? Andiletsa liti?"

"Aa, si paja... za chipembedzo, zosambira pagulu..." A Limbani anasiyira panjira. Maso awo anapita kwa Lorna. A Rosina nawonso anayang'ana Lorna. Upile ndiye anachedwa kutembenuka, ngati khosi lake silinkafuna.

Lorna anayang'ana pansi. Anaona nsapato zake, zingwe zake zimene Upile anamumangira yekha asanayambe kuthamanga. Mbendera inali ikadali paphewa pake, ndipo inkamutentha ngati bulangeti la m'chilimwe. Akanakonda nthaka ing'ambike.

Upile sanakuwe, sanatukwane. Anapinda thaulo lija bwinobwino, kanayi, n'kuliika pabenchi. Pamwamba pake anaimikapo botolo. Anavula kakhadi kamene kanali m'khosi mwake n'kukasiya pomwepo.

"Zikomo, bwana, pondidziwitsa," anatero kwa a Limbani, n'kumapita. Anadutsa pakati pa Amalawi amene ankaimbabe, osadziwa kanthu.

Anabwerera ku Buruburu pagalimoto. A Rosina anadikira mpaka analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

"Mwana uja wadya m'nyumba muno," anatero. "Wandiitana kuti anti. Unamunamizira pa beseni langa, ndi jagi yanga?"

"Ndinalakwa, anti."

"Zimenezo ndikudziwa. Bambo ako uwauza wekha kapena ndiwauze ine?"

Lorna anawauza yekha pafoni mawa lake, atachokera kutchalitchi kumene sanathe kukweza maso. Bambo ake anamvetsera mpaka kumapeto osamudula.

"Ndiye abusa ndikawauza chiyani?" anafunsa potsiriza. Sanadikire yankho. "Mwana wa eni akeyo wamupepesa?"

Anali asanamupepese. Anaimba foni, Upile osayankha. Analemba mauthenga aataliatali, n'kuwafufuta asanatumize. Nkhani nayo siichedwa pakati pa Amalawi a kunja. Pofika Lachiwiri chithunzi chake chinali chitachotsedwa pagulupu, ndipo amayi amene anamukulunga ndi mbendera aja ankamupatsa moni wa chapatali. Wina anamuuza a Rosina kuti asadandaule, ana a masiku ano ndi otero. A Rosina anasiya kupita kumisonkhano ya amayi kwa miyezi iwiri.

Lorna anapita kugodauni kamodzi kokha, kukabweza lupanga ndi gulovu. A Wafula anali akusesa. Sanamukalipire. Anangotenga kope lawo lolembamo nthawi za osewera, n'kumuonetsa tsamba la Upile, kenako pepala la zotsatira za mpikisano.

"Werenga wekha," anatero. "Akanachita monga amachitira kuno tsiku lililonse, akanakhala wachitatu. Dziko lako likanaona mendulo." Anatseka kopelo. "Chitseko changa sindimtsekera munthu. Ukafuna kubwera, bwera. Koma udzabwere Upile atadziwa kuti ukubwera."

Lorna sanabwererenso.

Panapita miyezi isanu. Anamva kuti Upile anamaliza maphunziro ndipo wayamba ntchito pafakitale ina yosoka zovala ku Athi River, kunja kwa Nairobi. Tsiku lina Lachisanu Lorna anajomba kukalasi, n'kukwera matatu. Anafika nthawi ya nkhomaliro isanakwane, n'kuima pageti padzuwa, fumbi la malole likumuthira. Belu litalira akazi mazanamazana anatuluka. Upile ndiye anayamba kumuona Lorna. Anaima, anzake n'kumudutsa.

"Wabwera," anatero.

"Ndabwera."

Anapita pansi pa kamtengo kena ka minga pambali pa mpanda. Lorna anali atakonza mawu ambiri mumatatu, koma onse anathawa. Anagwada pafumbi pomwepo.

"Dzuka, anthu akuona," anatero Upile. "Dzuka, Lorna. Manyazi ako usandisenzetsenso ine."

Anadzuka. "Ndinakulakwira. Ndilibe chonena china. Ndinafuna kuti kwathu andione ngati munthu."

"Ukanandipempha. Mwina ndikanakana, koma ukanandipempha." Upile anayang'ana kumsewu. "Ukudziwa, malowo sandiwawa kwambiri. Mipikisano imabwera. Chimene chimandiwawa ndi m'mawa muja. Masabata asanu ndi limodzi, tsiku ndi tsiku unkandiyang'ana m'maso, ine ndikunjenjemera ndi mphepo pamphepete pa dziwe. Unkaganiza chiyani ukamandiona?"

"Ndinkafuna kufa."

"Koma sunanene."

"Sindinanene."

"Ndipo china. Pa mabodza onse amene ukanatha kunama, unasankha mpango wangawu. Unadziwa kuti bambo aja akhulupirira msanga, sadzafunsa n'komwe. Achimwene anga unawasandutsa chilombo pamaso pa munthu amene sanawaonepo." Anakonza mpango wake. "Ndinawauza zonse, ukudziwa? Analongolola tsiku limodzi, monga ndinanenera. Mawa lake ananditumizira nsapato zothamangira."

Lorna analira tsopano, kulira koipa kwa mamina, osabisa. Upile anamusiya alire. Mayi wina wogulitsa chimanga chootcha anawayang'ana, n'kuyang'ana kumbali.

"Kukhululuka ndakukhululukira," anatero Upile pamapeto pake. "Ndinayenera kutero kuti ndizitha kupemphera. Koma chinzake chathu chija usachifunse. Sindikudziwa komwe chili." Belu linaliranso. "Wadya?"

"Ayi."

Upile anagula chimanga chimodzi, n'kumupatsa chonse, osathyolako. Kenako analowa pageti.

Sabata yotsatira Lorna analemba kalata kwa a Limbani yofotokoza zonse mwatsatanetsatane, ndi kupempha kuti ulendo wina dzina la Upile lisadzakayikiridwe chifukwa cha mawu ake. Yankho silinabwere. Koma chaka chotsatira, pampikisano wina waung'ono umene unachitikira kudziko loyandikana nalo, Upile anapita ataitanidwa ndi a Limbani omwewo, ndipo anamaliza wachinayi. Lorna anaona chithunzi chake pafoni ya azakhali ake. Anamulembera mawu awiri omuyamikira. Patapita masiku atatu Upile anayankha kuti, "Zikomo."

Lero Lorna ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu. Anamaliza koleji, ndipo amaphunzitsa masewero pasukulu ina ya pulayimale ya ku Eastlands. Akukhalabe kwa a Rosina, amene anayambanso kumuseka ndi kumutuma, ngakhale nkhani ija saitchula. Ku Dedza anapitako kamodzi. Bambo ake anamulandira bwino, koma Lamulungu anamupempha kuti akhale kumbuyo m'tchalitchi, iye n'kuvomera.

Kusukuluko ana amamukonda, chifukwa amathamanga nawo m'malo moima ndi wezulo pamthunzi. Chimene aphunzitsi anzake amamudabwa nacho ndi nthawi yosankha timu yopita kumipikisano ya masukulu. Ena amangoloza ana amene akuwadziwa. Lorna amathamangitsa aliyense, ngakhale kamwana koonda kamene aliyense akudziwa kuti sikapambana, n'kulemba nthawi ya mwana aliyense pabolodi, poyera. Zimatenga masiku atatu, ndipo makolo ena amadandaula.

Mwezi watha ahedi a sukuluyo, mayi wokonda kutamanda antchito awo, anapeza dzina lake pa intaneti pamndandanda wa osewera a mpikisano uja. Anamuitanitsa ku ofesi ali osangalala. Ankafuna kuti tsiku la makolo Lorna adzavale trakisuti ya dziko lake n'kulankhula kwa ana, makamaka atsikana.

Lorna anapempha kuti akhale pansi. Anawafotokozera nkhani yonse, kuyambira pa beseni mpaka pageti la ku Athi River. Ahediwo anamvetsera, akusewera ndi cholembera.

"Koma unapikisana ndithu," anatero atamaliza. "Unasambira, unathamanga. Makolo safunika kudziwa zinazo."

"Ine ndikuzidziwa, madamu."

Ahediwo anapumira m'mwamba. Ankaoneka kuti akhumudwa, osati ndi bodza lakale lija, koma poti pulogalamu yawo yasokonekera. Anafunsa ngati mtsikana winayo angabwere m'malo mwake. Lorna anati sangalonjeze, koma nambala yake ali nayo. Anailemba pakapepala, n'kuwapempha kuti aimbe okha, ndipo asatchule kuti yachokera kwa iye pokhapokha Upile atafunsa. Kenako anatuluka, poti ana a Giredi 5 anali akumudikira pabwalo, atayamba kale kukanganirana mpira.